Gogogo wa m'Karinya Yanga

Mukadzafika ku Insaca n'kudutsa msika, kulowera njira ya ku Entre Lagos, mudzaona karinya yoyera, galimoto yonyamula katundu, itakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Ndi yanga imeneyo. Penti wake akadali wonyezimira, mipando ikadanunkha sitolo, koma amene akuigwiritsa ntchito masiku ano ndi nkhuku za mkazi wanga. Musavutike kufunsa anthu a m'njira kuti inatani. Adzakunamizani, ndipo bodza limene adzakuuzanilo ndinalipeka ndine.

Ine ndinakulira ku Malawi, kumene makolo anathawira nkhondo. Tinabwerera kuno mtendere utabwera, ndili ndi ndevu zoyamba, mutu utadzaza Chingerezi cha ku pulayimale chimene kuno sichigula ngakhale mchere. Chipwitikizi changa ndi cha pamsika: ndimadziwa kufunsa mtengo, kukana mtengo, ndi kutukwana pang'ono. Zaka zonsezi ndakhala ndikugula nandolo ndi mpunga m'midzi, poyamba pa njinga yakapalasa, kenako pa yamoto, msana mpaka kupindika. Chaka china nandolo atayenda bwino, ndinasonkhanitsa thukuta langa lonse la zaka makumi awiri, n'kupita nalo ku Nampula kukagula galimoto yatsopano. Osati zakutha zimene anzanga amagula zitatopa kale kwa eni ake, ayi. Yatsopano, mipando ili m'mapulasitiki.

Jerenti, ndiye kuti bwana wa pa sitandi ya magalimotoyo, bambo wamfupi wonunkhira ngati mkwatibwi, anandikhazika pansi n'kundifotokozera za garantiya. Anati kwa chaka chathunthu, chilichonse chikawonongeka adzakonza ulere, ngakhale injini yonse. Koma panali lamulo limodzi, ndipo analinena katatu, pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mwana: munthu wina aliyense asagwire sipanala pa galimotoyi kupatula amakaniko awo. Anandionetsa timadontho ta penti wachikasu pa mabawuti. Bawuti ikangotembenuzidwa, kadontho kamasweka, ndipo garantiya imafera pomwepo. Ndinagwedeza mutu mwamphamvu. Pepala la garantiyalo ndinaliika m'Baibulo, pa Masalimo.

Nditafika nayo kuno, anthu anasonkhana ngati pafika nduna. Lamlungu abambo padre anaiwaza madzi odalitsa (ine ndine mkulu mumpingo, ndimawerenga mawu oyamba pa Misa, mukumbukire zimenezi). Zonse zinali bwino mpaka azakhali anga ataizungulira kawiri, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Zabwino zimenezi, mwanangu. Ena amagula zoterezi n'kungoyendamo mwezi umodzi."

Mwina ankangocheza. Nkhalamba zimayankhula choncho. Koma mawuwo anandilowa ngati minga ya m'chidendene, ndipo nditakawafotokozera mnzanga Mateyu, amene amagulitsa simenti ku Entre Lagos, iye anathira mafuta pamoto.

"Achimwene, madzi a abambo padre ndi a zakumwamba," anatero. "Koma adani anu sali kumwamba, ali pansi pompano, ndipo ena mumadya nawo mbale imodzi. Galimoto yatsopano siyenda yamaliseche. Pitani ku Chiuta mukaitsirike."

Ndinamukalipira kuti ine ndine mkhristu. Lachitatu lotsatira m'mawa ndinauza amake Rozita, mkazi wanga, kuti ndikupita kukaona nandolo ku Chiuta.

Sing'angayo anthu amangomutchula kuti a Dotolo. Ndinkayembekeza nkhalamba ya zikopa ndi nthenga, koma ndinapeza bambo wa msinkhu wanga, atavala malaya a mpira, mafoni awiri m'manja. Anaizungulira galimotoyo, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu kuti ndachita mwayi kufika wamoyo. Kenako anatulutsa mtondo, kuuvundikira pakati pa bwalo, n'kundiuza kuti ndikhalepo nditafulatira, maso ku munda wa chinangwa.

"Mwini galimoto sayang'ana," anatero. "Mukaona pamene ndaika mankhwala, mdani wanu adzawerenga m'maso mwanu. Ndipo musauze munthu, ngakhale mkazi wanu. Mukangotsegula pakamwa, mankhwala asuluka."

Ndinakhala pa mtondopo ola lathunthu, dzuwa likundiwotcha pankhongo, ndikuwerenga mitengo ya chinangwa. Kumbuyo kwanga ndinkamva ngwe, ngwe, ngwe. Ine ndinkati ndi zitsulo zoitanira mizimu. Ndinkaganiza kuti akungopaka zinthu m'matayala, mwina kubisa kachithumwa pansi pa mpando, monga amachitira ena. Sindinkadziwa kuti a Dotolo asanayambe udotolo ankakonza zigayo, ndipo bokosi lawo la masipanala sanalitaye. Atamaliza anandiuza kuti atseka makomo onse olowera mdani. Ndinathokoza ndi manja awiri, ndithu.

Inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine zinanditengera miyezi inayi.

Patatha milungu iwiri, ndikupita ku Cuamba ndi matumba a mpunga, pa msewu wathu wafumbi uja wa mizeremizere ngati malata, ndinamva kanthu. Gogogo. Gogogo. Kankachokera pansi, pakati pa mipando iwiri yakutsogolo. Ndikaima, kankaleka. Ndikayenda, gogogo. Munthu amene sanagulepo galimoto ndi ndalama ya thukuta lake sangamvetse mmene kaphokoso kotere kamapwetekera. Sikamveka m'makutu ayi, kamamveka m'mimba.

Ndinatsitsa chilichonse. Jeke, tayala lapadera, mapoto a amake Rozita, ngakhale kolona imene ndinakoleka pa galasi. Gogogo. Pamenepo Insaca yense anasanduka amakaniko. Wina anati ndi masipulingi. Wina anati ndi mwala walowa m'tayala. Mphunzitsi wina amene alibe ngakhale njinga anandiuza molimba mtima kuti magalimoto a masiku ano amatero injini ikamazolowera dziko. Amake Rozita okha ndi amene ananena zanzeru: "Bwanji osapita kwa a Saide?"

A Saide ndi makaniko wathu wa kuseri kwa msika, Myao wa mawu ochepa, amene amadziwa matenda a galimoto ikadali patali. Anakwera, n'kugona chammbali, khutu ataligunditsa pansi pafupi ndi ndodo ya magiya, n'kundiuza kuti ndiyendetse pa mabampu. Sitinafike patali.

"Imani. Chili pamwamba pa kayisha," anatero, kutanthauza bokosi la magiya. "Pali chinthu chikulendewera, chikumenya chitsulo. Si matenda aakulu. Ndipatseni mphindi khumi nditsegule apa."

Ndinawagwira dzanja lisanafike pa sipanala. Ndikukumbukira bwino mawu amene ndinawauza, chifukwa mpaka lero amandiwotcha: "A Saide, manja anu a girisiwo asayandikire garantiya yanga. Iyi si minibasi yakutha ayi."

Sanakwiye. Anatsika, kusuzumira pansi, kupaka chala, n'kundionetsa. "Mafuta akudonthanso pang'ono, achimwene. Kayisha yatsopano sidontha."

"Zili bwino, adonthe," ndinatero ine chitsiru. "Umenewo ndi umboni. Akaone okha a ku Nampula zimene anandigulitsa."

A Saide anapukuta chala pa buluku. "Basi. Mulungu akalola, akakuthandizani eni ake."

Ndinanyamuka ulendo wa ku Nampula mtima uli m'mwamba, mawu okalipa nditawakonza kale m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka. Kuchokera ku Insaca mpaka ku Cuamba, gogogo sanapume. Nditangoponda msewu wa tala ku Cuamba, zii. Msewu wonse wautali uja galimoto inkangoyenda mwaulemu ngati mwana wa sukulu pamaso pa alendo. Pa sitandi, makaniko wawo anakwera nane, tinazungulira misewu iwiri yosalala ya mumzinda, iye akutafuna chingamu. Anatsika n'kutambasula manja kuti palibe kanthu. Za mafuta odontha, anangopukuta ndi kansanza n'kunena kuti galimoto yatsopano imachita thukuta. Sanaikweze n'komwe.

Jerenti uja anandigwira paphewa akumwetulira. Mwa zonse zimene ananena ndinatolapo izi: galimoto ili bwino, wodwala ndi msewu wa kwanu.

Ndinayesa kumuchitira phokosolo ndi pakamwa. Bambo wamkulu, wa ana asanu, nditaima pakati pa magalimoto onyezimira ndikuti "gogogo, gogogo," kwinaku ndikudumphadumpha kusonyeza mabampu. Mtsikana wa pa kauntala anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta. Ndinabwerera. Nditangotsika tala ku Cuamba, matayala atangogunda fumbi, gogogo. Ndinaimika galimoto n'kuitukwana mokweza, ndekhandekha m'tchire, mpaka amayi ena amene ankadutsa ndi nkhuni anasiya njira.

Ndinaganiza zoijambula mawu pa foni. Amake Rozita anagwira foni pansi pa mpando, ine ndikuthamangitsa galimoto pa mabampu. Tinatumiza kwa jerenti. Yankho linabwera patatha masiku atatu: akumva mbuzi, ndiponso mayi wina akukuwa kuti chepetsani liwiro mutipha. Ndinatumiza ina, ndi ina, mpaka anasiya kutsegula mauthenga anga. Ndikaimba, mtsikana uja ankati abwana ali pa msonkhano. Munthu ameneyu anakhala pa msonkhano miyezi iwiri.

Kenako kunabwera phokoso lachiwiri. Ili silinkasankha msewu. Linali kulira kwa wiiii, ngati chigayo chikamazungulira chopanda chimanga, ndipo giya yachitatu inayamba kudumpha yokha. Mukudziwa zimene ndinachita? Ndinasangalala. Ndinawomba m'manja! Ndinati tsopano aone, ili ndiye alimva ngakhale pa tala. A Saide anandiimitsa pamsika n'kundichonderera kuti ndisaiyendetsenso, ine ndinangowakwezera dzanja ngati nduna ikudutsa.

Vuto linali chinenero. Munthu sungamenye nkhondo ndi Chipwitikizi chogulira tomato. Ndiye ndinapita kwa a katekista athu, a Jeremiyasi, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu amene Chipwitikizi chake amachimva ngakhale a ku Maputo n'kuvula chipewa. Anandilembera kalata ya masamba atatu, yopita kwa jerenti ndiponso kwa akuluakulu a ku Maputo amene amaitanitsa magalimotowa kuchokera ku fakitale. Anandiwerengera m'Chinyanja. Inkati mwini galimotoyi ndi munthu woopa Mulungu, wodziwika m'boma lathu lonse la Mecanhelas, ndipo chigulireni palibe dzanja lachilendo limene linakhudzapo bawuti ngakhale imodzi.

"N'zoona zimenezi, eti abambo?" anafunsa a Jeremiyasi, cholembera chili m'mwamba.

"Zoona zokhazokha," ndinatero. Ndipo Mulungu ndi mboni, ndinkakhulupirira. M'mutu mwanga a Dotolo anali nkhani ina, ya mizimu, yosakhudzana ndi mabawuti.

Kalatayo inagwira ntchito. A ku Maputo anayankha kuti injiniya wawo adzakhala ku Nampula sabata yakutiyakuti, ndibwere nayo galimoto. Ndinapempha a Jeremiyasi kuti andiperekeze akhale pakamwa panga. Anavala jekete lawo la pa Pasaka. Tinayenda masiku awiri, pang'onopang'ono, galimoto ikulira njira yonse, a katekista akuyimba nyimbo za Maria kuti asamve.

Pa sitandi ndinalowa ngati mkuntho. Munali makasitomala anayi kapena asanu, ndipo ine ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndinakuwa m'Chinyanja kuti anthu inu ndinu akuba, mumagulitsa zitsulo zowola zopakidwa penti, mumadyera amphawi a kumudzi chifukwa sitidziwa Chipwitikizi. A Jeremiyasi ankamasulira, koma ndinkaona kuti akuthira madzi, chifukwa ine ndikanena mawu khumi aukali iwo ankanena atatu aulemu.

"A katekista, musachotse mchere! Auzeni kuti ndi akuba!"

"Ndawauza kuti simunakhutire, abambo."

Ndinaitanitsa buku lolembamo madandaulo. Ndinauza bambo wina amene ankayang'ana karinya ngati yanga kuti athawe ndalama zake zikadali m'thumba, ndipo anatulukadi. Jerenti nkhope inachita kuda. Ine mumtima ndinkati lero ndi lero.

Injiniya wa ku Maputo anali mayi wachichepere, wovala ovolosi, wosayankhula zambiri. Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha. Kenako anafunsa, kudzera mwa a Jeremiyasi, ngati pali munthu wina amene anatsegulapo galimotoyi. Ndinati palibe. Anafunsanso. Ndinaloza a katekista n'kunena kuti ndikulumbira pamaso pa munthu wa Mulungu uyu. Mayiyo anangogwedeza mutu, n'kulamula kuti aikweze.

Galimoto inakwera m'mwamba pa makina awo, tonse tinalowa pansi pake. Mayiyo anawunika ndi tochi pamwamba pa kayisha. Analowetsa dzanja mpaka m'phewa. Anaitanitsa pulayala. Tinamva waya akuduka, ndipo dzanja lija linatsika pang'onopang'ono.

Kanali kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kokulungidwa m'kansalu kakuda, komangidwa ndi mikanda yofiira. Kukhosi kwake kunkalendewera phazi louma la nkhuku. M'kati munali masingano ndi timiyala. Mayiyo anakagwedeza pafupi ndi chitsulo. Gogogo.

Amakaniko awiri a mtundu wa Amakuwa amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo nthawi imodzi. Wachitatu, wa chingamu uja, anathawira kuseri kwa matayala, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ndinamva fungo la munda wa chinangwa uja, ndinamvanso ngwe, ngwe, ngwe kumbuyo kwanga, ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti mizimu sigwiritsa ntchito sipanala ya nambala khumi ndi ziwiri.

Koma mayiyo anali asanathe. Anationetsa bawuti imene anamangirirapo waya, kadontho kachikasu katasweka pakati. Kenako anakolokosa ndi kawaya pa kabowo kena kakang'ono pamwamba pa kayisha, n'kutulutsa phula losakaniza ndi ubweya, lotsinyidwa bwinobwino ndi munthu wodziwa ntchito yake. Anafotokoza modekha, a Jeremiyasi akumasulira. Kayisha imapuma, anatero. Ikatentha, mpweya umatulukira pa kabowo aka. Mukakatseka, mpweya umakankha mafuta kuti atulukire kwina, mpaka onse atha, magiya n'kumadyana okhaokha. Kabotoloko kanali kongosokosa chabe. Chimene chinapha galimoto ndi phulalo. A Dotolo anatsekadi makomo onse.

"Akufunsa kuti," anatero a Jeremiyasi, "akufunsa kuti chinthu ichi n'chiyani, ndipo anachiika ndani."

Sankandiyang'ana ngati womasulira. Ankandiyang'ana ngati katekista amene anabatiza ana anga onse asanu. Panali njira ziwiri. Ndikanena zoona, garantiya yapita, ndipo ulemu wanga mumpingo wapita nawo. Ndikakana, mwina, mwina, chimodzi chipulumuka, kapena zonse. Ndinaganiza kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti sikunali kovuta kusankha.

Ndinagwira mutu ndi manja awiri n'kukuwa: "Mayo ine! Andilodza! Adani andilowera pansi pa galimoto!"

Ndinachita bwino zedi, mpaka misozi inatuluka (inali yeniyeni, koma ya chifukwa china). A Jeremiyasi anandikumbatira, nkhope itasintha, n'kuyamba pemphero pomwepo pansi pa galimoto. Kenako anatembenukira kwa injiniya uja n'kumenya nkhondo imene sindinaonepo. Chipwitikizi chinatuluka chonse, cha m'mabuku, manja akuuluka. Ankati munthuyu ndi wosalakwa, wachitiridwa chiwembu, kampani yaikulu ngati yanu singalange munthu chifukwa cha ufiti wa adani ake. Nkhalamba ya Mulungu inatuluka thukuta kuteteza bodza langa, ine nditaima pambali ndikufwenthera.

Mayiyo anadikira kuti amalize. Yankho lake linali lalifupi moti ngakhale ine ndinalimva popanda womasulira. Anati kaya anaika ndi mwini wake, kaya ndi mdani, kaya ndi mzimu, iye sakudziwa ndipo si ntchito yake. Chimene akudziwa n'chakuti ku fakitale saika mapazi a nkhuku. Analemba papepala, anajambula kabotoloko ndi foni, jerenti anabweretsa chidindo. Pha! Garantiya yanga inafera pomwepo, itatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Jerenti uja ulemu unamubwerera wonse. Anandiuza mtengo wa kayisha yatsopano, ndipo sindiutchula pano chifukwa ndikautchula mutu umayamba kuwawa. Kenako anatenga buku la madandaulo lija, kulitsegula bwinobwino, n'kundipatsa pamodzi ndi cholembera. Anafunsa ngati ndikufunabe kulembamo.

Galimoto inabwerera ku Cuamba itakwera lole, ndipo kuchokera kumeneko inakokedwa ndi thirakitala, ine nditakhala pa chiwongolero ndikumeza fumbi, anthu a m'midzi yonse ya m'njira akundibayibitsa. Kabotoloko a Jeremiyasi anakanyamula okha m'jumbo. Lamlungu anafotokozera mpingo wonse, anakatentha kuseri kwa tchalitchi anthu akuimba, ndipo amayi a chigwirizano anabwera kunyumba kudzandipepesa ndi nkhuku. Ndinadya nkhukuyo. Anthu anayamba kufunsana kuti mdaniyo ndani, ndipo panapezeka wina wokumbukira kuti azakhali anga anaizungulira galimoto ija kawiri. Ine sindinatchule dzina la munthu. Sindinatsutsenso. Azakhali anasiya kubwera kwathu, ndipo kumsika amayi ena anayamba kusuntha malo iwo akakhala.

Ndalama ya kayisha ndinalibe, ndipo nyengo ya nandolo inali itayandikira ine ndilibe choyendera. Ndinaganiza zoigulitsa galimotoyo momwe ilili, kwa munthu amene angathe kuikonza, kuti ndipezeko poyambira. Injini ndi yatsopano, matayala atsopano, thupi lopanda chilema. Kwina kulikonse ikanagulidwa sabata imodzi. Koma ndani ku Mecanhelas angagule galimoto yolodzedwa? Anthu ankabwera, kuima patali, kuiyang'ana ngati maliro, n'kumapita. Wina wa ku Cuamba tinagwirizana pa foni zonse, koma atatsika shapa, minibasi ya kuno, pamsika n'kufunsa njira ya kwathu, anakwera shapa yomweyo kubwerera. Ana a sukulu amadutsa tsidya lina la msewu. Mateyu, mnzanga wa malangizo uja, nditamupempha kuti aigule iyeyo popeza akudziwa zoona zake, anati simenti siikuyenda bwino chaka chino.

Mwezi watha kunabwera bambo wina wogulitsa nsomba zouma, a Musa, wochokera kunyanja ya Chiuta. Ameneyu anali wotsimikiza. Anabwera ndi a Saide, amene anaiyendera yonse n'kumuuza kuti kupatula kayisha, galimotoyi ndi namwali. (A Saide sanandinenepo kanthu chibwerereni. Amangondipatsa moni mwaulemu kwambiri, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa kutukwana.) Tinagwirizana mtengo. Manja ali pafupi kugwirana, a Musa anakanda m'mutu.

"Koma achimwene, pali zimene ndamva pamsika. Akuti galimotoyi ili ndi mwini wake wina wosaoneka."

Ndinaona nandolo wa chaka chino akundidutsa. Ndinawakokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, n'kuyang'ana uku ndi uku. Kwa nthawi yoyamba ndinanena zoona. Ndinawauza zonse: Mateyu, mtondo, munda wa chinangwa, phula. Ndinati palibe mfiti, palibe mdani, kabotolo kaja ndinakalipira ndekha kwa a Dotolo a kwanu komweko. Nditamaliza ndinamva kupepuka, ngati ndatula thumba la mpunga.

A Musa anasisita ndevu.

"A Dotolo ake ati? A malaya a mpira aja?"

"Omwewo."

"Ii! Amene aja salephera. Bwato langa anatsirika ndi iwowo." Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuiyang'ana galimotoyo ndi maso atsopano. "Ndiye mukuti munaitsirika kwa a Dotolo enieni, koma inafabe? Achimwene, ndiye kuti amene akukulondolaniyo si wamasewera. Pepani, ine ndili ndi ana."

Anakwera njinga yawo yamoto osatsanzika n'komwe. Ndinatsala nditaima ndekha kuseri kwa nyumba kuja. Ndiye ndinamva madzi akukhuthulidwa m'bafa muja. Amake Rozita anatuluka, chitenje m'chifuwa, ndowa m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osafulumira.

"Nandolo wa ku Chiuta," anatero. "Ine kugwira foni pa mabampu mpaka msana kuthyoka. Lamlungu mukanene nokha kutsogolo, bambo. Koma muyambire kwa azakhali anu."

Ndinalonjeza. Ndipo ndidzanena, ndithu, ndikungofuna tsiku labwino, chifukwa zinthu zoterezi sizifuna phuma. Malamlungu atatu adutsa tsopano. Lapitali, a Jeremiyasi anaimiritsa mpingo wonse kuti undipemphererenso, kuti Mulungu aulule poyera munthu amene anandiwonongera galimoto. Amake Rozita sanatseke maso, ankangondiyang'ana kuchokera ku mbali ya amayi. Ameni wanga ndi amene anamveka kwambiri m'tchalitchi monse.